Mboni ya Zinthu Zimene Sizinachitike: Tiikhulupirire Mpaka Pati?



Pabwalo la milandu mboni imanena zimene inaona. Ikanama, pamapezeka wina amene analipo n'kuitsutsa. Koma masiku ano pali mboni ya mtundu wina imene ikumveka m'misonkhano ya maboma, pawailesi ndi m'makalasi a ana athu. Mboni imeneyi imanena za chaka cha 2050 ndi cha 2100, zaka zimene palibe munthu anafikako. Tikunena mapulogalamu akuluakulu a pakompyuta oyerekezera mmene nyengo ya dziko lapansi idzakhalire, amene pa Chingerezi amatchedwa climate models. M'phunziro lino tiziwatchula kuti mamodelo a nyengo.

Funso limene tikufuna kulingalira pamodzi ndi ili: munthu wokonda choonadi achite nawo bwanji mawu amene sangathe kuwatsimikiza ndi maso ake, koma amene akumupempha kuti asinthe zochita zake lero? Akakhulupirira msanga, angathe kunyengedwa. Akati adikire kuti aone kaye, angadzaone madzi atafika kale m'khosi. Njira zonse ziwirizi zili ndi mtengo wake, ndipo nthawi zambiri wolipira mtengowo sakhala amene anasankha.

Modelo ya nyengo n'chiyani?

Modelo ya nyengo imamangidwa pa malamulo a chilengedwe amene asayansi anawadziwa kalekale: mmene mpweya ndi madzi zimayendera, mmene kutentha kumachokera pa chinthu chotentha kupita pa chozizira, mmene madzi amasandukira nthunzi ndipo nthunzi n'kusanduka mvula. Akatswiri amagawa mtunda, nyanja ndi mlengalenga m'timabokosi tambirimbiri. Kompyuta imawerengera zochitika m'kabokosi kalikonse, n'kupititsa nthawi patsogolo ndi mphindi zingapo, n'kuwerengeranso, mpaka zaka 100 kapena kuposerapo zitakwana.

Maziko a ntchitoyi ndi akale kuposa kompyuta. Mu 1856 mayi wina wa ku America, Eunice Foote, anaonetsa kuti botolo lodzaza mpweya wa carbon dioxide limatentha kwambiri padzuwa kuposa botolo la mpweya wamba. Mu 1859 John Tyndall, akugwira ntchito ku London, anayeza mmene mpweya umenewu ndi nthunzi ya madzi zimagwirira kutentha. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera pamanja kuti carbon dioxide atachuluka kuwirikiza kawiri mumlengalenga, dziko lingatenthe ndi madigiri 5 kapena 6. Nambala yake inali yokwera kuposa imene akatswiri amavomereza lero, koma mbali imene analoza inali yolondola.

Kuchuluka kwa mpweyawu ndi chinthu choyezedwa. Charles Keeling atayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anapeza magawo pafupifupi 315 pa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya. Lero apitirira 420. Timathovu ta mpweya wakale timene tinatsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica timaonetsa kuti mafakitale asanayambe kuotcha malasha ndi mafuta ochuluka, nambalayi inali pafupifupi 280.

"Akulephera za mawa, za 2100 angazidziwe bwanji?"

Ambiri a ife tinamvapo funso limeneli, mwinanso tinalifunsapo tokha pamene wailesi inalengeza mvula koma dzuwa n'kuswa mtengo tsiku lonse. Ndi funso labwino ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Kulosera nyengo ya tsiku ndi tsiku kuli ndi malire enieni. Lewis Fry Richardson wa ku England anali woyamba kuyesa kulosera nyengo pogwiritsa ntchito masamu okhaokha. Anatha milungu ingapo akuwerengera pamanja nyengo ya maola 6 okha a tsiku la 20 Meyi 1910, ndipo yankho limene anapeza linaphonya kutalitali. Komabe analisindikiza mu 1922 osabisa kuphonyako. Patapita zaka zambiri ena anabwereza ntchito yake n'kupeza kuti njira yake inali yabwino, vuto linali m'manambala amene anayambira. Mu 1961 Edward Lorenz wa ku America anapeza chifukwa chozama. Pobwereza kuwerengera kwina pakompyuta, analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, ndipo kusiyana kwakung'onong'onoko kunakula mpaka nyengo yonse yoyerekezerayo inasintha. N'chifukwa chake ngakhale lero kulosera nyengo ya tsiku lenileni sikupitirira kwenikweni milungu iwiri.

Koma mamodelo a nyengo akuyankha funso lina. Palibe amene angatiuze ngati pa 15 Okutobala chaka chamawa kudzakhale mitambo. Komabe aliyense wa ife akhoza kunena mosakayika kuti Okutobala wa chaka chamawa adzatentha kuposa Juni, ndipo sadzaphonya. Mayi amene watereka phala sangadziwe pamene thovu lotsatira liphulikire, koma akudziwa bwino kuti akasonkhezera nkhuni phalalo libwadamuka kwambiri. Kulosera za mawa kuli ngati kufunsa za thovu limodzi. Modelo ya nyengo imafunsa za mphika wonse ndi moto umene uli pansi pake. Choncho kuphonya kwa wailesi dzulo sikuthetsa nkhaniyi, ndipo tiyenera kufunafuna muyeso wina.

Kuyesa sikelo

Mlimi wochenjera akamagulitsa soya kapena mtedza ndipo akukayikira sikelo ya wogula, sayamba ndi kuphwasula sikeloyo kuti aone za m'kati. Amaikapo chinthu chimene akudziwa kale kulemera kwake, monga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Sikelo ikanena zoona pa chinthu chodziwika, amayamba kuikhulupirira pa thumba losadziwika. Mamodelo a nyengo akhala akulankhula kwa zaka zoposa 50, ndiye kuti zina mwa zimene ankati ndi zam'tsogolo tsopano ndi zakale. Tili nayo paketi ya shuga yoyesera.

Mu 1967 Syukuro Manabe, wobadwira ku Japan, ndi Richard Wetherald anagwiritsa ntchito modelo yosavuta n'kupeza kuti carbon dioxide akawirikiza kawiri, pansi pano patentha ndi madigiri opitirira pang'ono 2. Anapezanso chinthu chimene munthu sangachiganizire payekha: pamene pansi pakutentha, mlengalenga wa kumwamba kwenikweni uzizizira. Mfundoyi ndi yofunika chifukwa dzuwa likanakhala kuti ndilo lawonjezera mphamvu, kumwamba ndi pansi pomwe kukanatentha limodzi. Zipangizo zoulutsidwa ndi mabaluni komanso masetilaiti zinadzayeza n'kupeza kuti kumwambako kukuziziradi, ngakhale kuti kuchepa kwa mpweya wa ozone kunathandizirako pa gawo lina. Mu 1975 anthu awiri omwewa anapeza kuti madera a kumpoto kwenikweni kwa dziko adzatentha mofulumira kuposa kwina konse. Lero dera la Arctic likutentha mofulumira kuposa kuwirikiza kawiri liwiro la dziko lonse. Manabe analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Muyeso wina unabwera mwadzidzidzi. Mu Juni 1991 phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika n'kuponya mumlengalenga matani mamiliyoni ambiri a mpweya wa sulfure, umene umasanduka timadontho totchinga dzuwa. James Hansen ndi anzake a ku NASA anaika zimenezi mu modelo yawo n'kulengeza pasadakhale kuti dziko lizizira ndi pafupifupi theka la digiri pofika mu 1992, kenako libwereranso pang'onopang'ono. Zinachitikadi moyandikira kwambiri ndi zimene ananena.

Kumapeto kwa 2019 Zeke Hausfather ndi anzake anasonkhanitsa zolosera 17 za kutentha kwa dziko zimene zinasindikizidwa pakati pa 1970 ndi 2007, n'kuziyerekeza ndi zimene zinayezedwa pambuyo pake. Zolosera 10 zinagwirizana ndi zoyezedwa. Ataganiziranso kuti olosera akalewo sakanatha kudziwa kuchuluka kwa utsi umene anthu adzatulutse, n'kuyesa modelo iliyonse pa utsi umene unatulukadi, zogwirizana zinakwana 14. Pa funso lalikulu lakuti dziko lonse litentha motani mpweyawu ukachuluka, sikelo yapezeka kuti ndi yokhulupirika.

Pamene mboni inaphonya

Chilungamo chimafuna kuti timve mbali inayo ndi khutu lomwelo. Mu Juni 1988 Hansen yemweyo anaima pamaso pa aphungu a Senate ku United States, ndipo chaka chomwecho anasindikiza njira zitatu za mmene kutentha kungakwerere. Njira yapakati, imene ankaiona kuti ndi yoyandikira zoona, inanena kutentha kokwera kuposa kumene kunadzachitika. Zifukwa zake zikudziwika. Modelo yake inkatentha msanga kuposa mmene akatswiri amaonera lero. Komanso mipweya ina, monga ya CFC imene inkagwiritsidwa ntchito m'mafiriji, siinachuluke monga mmene iye ankayembekezera, popeza mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti aichepetse. Taonani kuti mbali ina ya kuphonyaku inabwera chifukwa anthu anamvera chenjezo lina n'kuchitapo kanthu.

Pali kuphonya kwinanso. Pakati pa 1998 ndi 2012 kutentha kwa pamwamba pa dziko kunakwera pang'onopang'ono kuposa mmene mamodelo ambiri ankaonetsera, ngakhale kuti nyanja zinapitiriza kusunga kutentha, ndipo zaka zotsatira zinaphwanya mbiri motsatizana. Madzi oundana a panyanja ya Arctic anasungunuka mofulumira kuposa mmene mamodelo ambiri ananenera. Ozungulira Antarctica anawonjezekera pang'ono mpaka 2014 pamene mamodelo ankati achepa, kenako anatsika kwambiri mpaka kufika pochepetsetsa mu 2023.

Kuphonya kumene kukutikhudza kwambiri ife a mu Africa ndi kwa mvula. Ku Kenya, Somalia ndi Ethiopia mvula ya Malichi mpaka Meyi inakhala ikuchepa kwa zaka zambiri kuyambira cha m'ma 1980, pamene mamodelo ambiri ankaonetsa kuti derali lizilandira mvula yochuluka dziko likamatentha. Pa dera la Sahel mamodelo ena amati kudzauma, ena amati kudzanyowa.

Chifukwa chimodzi ndi kukula kwa timabokosi tija. M'mamodelo ambiri a dziko lonse kabokosi kamodzi kamakhala ka makilomita pafupifupi 100 m'litali ndi m'lifupi. M'kabokosi kotere mungalowe Chikwawa, Blantyre, Zomba ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje nthawi imodzi. Aliyense amene anatsikapo ku Thabwa kupita kuchigwa cha Shire, kapena amene anagwidwapo ndi chiperoni ku Thyolo, akudziwa kuti malo amenewa alibe nyengo imodzi. Mitambo ya mvula ya mabingu ndi yaing'ono kuposa kabokosiko, choncho modelo siyiona mwachindunji. Akatswiri amaiyerekeza ndi masamu achidule, ndipo pamenepa ndi pamene mamodelo amasiyana kwambiri.

Nthawi zina cholakwa chimapezeka m'choyezera. M'zaka za m'ma 1990 manambala ena ochokera ku masetilaiti ankaonetsa ngati mlengalenga wa m'munsi sukutentha, zimene zinkatsutsana ndi mamodelo. Mu 1998 zinapezeka kuti masetilaitiwo ankatsika pang'onopang'ono m'njira zawo, ndipo mu 2005 kunapezekanso cholakwa china pa kawerengedwe ka nthawi imene ankadutsa pamalo. Zitakonzedwa, kutentha kunaonekera. Phunziro lake ndi lakuti zinthu ziwiri zikatsutsana, wofunafuna choonadi amafufuza zonse ziwiri asanaweruze.

Mafunso awiri ovuta

Wina woganiza mozama angafunse kuti: kodi akatswiriwa sasintha manambala a m'modelo mpaka igwirizane ndi nyengo yakale? Inde, amasintha ena mwa manambala amene sadziwika bwino, makamaka okhudza mitambo. N'chifukwa chake kugwirizana ndi zakale pakokha si umboni wokwanira. Wophunzira amene anaona kale mayankho sitimutama akakhoza mayeso. Umboni wamphamvu ndi uja wa zimene zinanenedwa zisanachitike, monga kuzizira kwa kumwamba, Pinatubo, ndi zolosera 17 zija.

Funso lachiwiri ndi lakuti: mamodelo ambiri akagwirizana, kodi ndi mboni zambiri kapena ndi mboni imodzi yolankhula ndi milomo yambiri? Apanso pali choonadi. Magulu opanga mamodelo amabwerekana nzeru ndi zigawo za mapulogalamu, ndiye cholakwa chimodzi chingapezeke mwa ambiri. Mboni khumi zimene zinamva nkhani kwa munthu mmodzi sizilemera kuposa munthu mmodziyo. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amayang'ananso umboni umene sudalira mamodelo: kutentha koyezedwa kuyambira 1850, nyengo za kale kwambiri monga nthawi imene madzi oundana anakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, ndi kuyeza kwa mitambo ndi nthunzi.

Chitsanzo chabwino chinachitika posachedwapa. Ena mwa mamodelo atsopano anayamba kuonetsa kuti carbon dioxide akawirikiza kawiri dziko litentha ndi madigiri oposa 5. Bungwe la IPCC, limene linakhazikitsidwa mu 1988 kuti lizisanthula kafukufuku wa nyengo m'malo mwa mayiko onse, silinangotenga nambala yoopsayo. Mu lipoti lake la 2021 linayesa mamodelowo ndi umboni wina uja, n'kunena kuti nambala yoyandikira zoona ndi madigiri 3, ndipo mwachidziwikire ili pakati pa 2.5 ndi 4. Mu 1979 gulu lotsogozedwa ndi Jule Charney linali litanena madigiri 3 omwewo, koma pakati pa 1.5 ndi 4.5. Patapita zaka 42, pakati sipanasunthe, malire okha ndi amene anayandikana. Gulu la anthu limene limatha kuuza zida zake zomwe kuti "apa mwakokomeza" limatipatsa chifukwa cholikhulupirira.

Mawu akuti "ngati"

Tsopano tafika pa mfundo imene imasiyanitsa mboniyi ndi wolosera wamba. Modelo sinena kuti "zidzatere". Imanena kuti "ngati anthu achita zakuti, zotsatira zake zidzakhala zakuti". Lipoti la 2021 lija linati kutentha kwa zaka za 2011 mpaka 2020 kunali kutakwera kale ndi digiri 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Za kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 zino linapereka njira zisanu. Anthu akachepetsa utsi mwachangu kwambiri, kutentha kungakhale pafupifupi 1.4. Akapita njira yapakati, pafupifupi 2.7. Akauchulukitsa kwambiri, pafupifupi 4.4.

Kusiyana kwa 1.4 ndi 4.4 sikuchokera mu umbuli wa asayansi. Kukuchokera m'zisankho zimene anthu sanapangebe. Choncho munthu akanena kuti "tsogolo silikudziwika", akunena zoona, koma gawo lalikulu la kusadziwikako ndi ifeyo, mtundu wa anthu. Wodwala amene dokotala wamuuza kuti akasiya fodya mapapo ake akhala bwino koma akapitiriza adwala kwambiri, sangadandaule kuti dokotalayo sakudziwa chimene chidzachitike. Yankho lili m'manja mwa wodwalayo.

Kukayika kwa mitundu iwiri

Kukayika si tchimo. Popanda kukayika, zolakwa za masetilaiti zija sizikanapezeka, ndipo mamodelo otentha mopitirira aja akanangovomerezedwa. Safunsa anadya phula. Koma pali kukayika kofuna kudziwa, ndipo pali kukayika kofuna kupuma. Woyamba amafunsa kuti apeze yankho, ndipo akalipeza amasuntha. Wachiwiri amafunsa kuti asachite kanthu, ndipo funso limodzi likayankhidwa amatulutsa lina. Njira yodziyesera ndi yosavuta: kodi ndingatchule umboni umene ungandisinthe maganizo? Ngati palibe umboni uliwonse umene ungatero, ndiye kuti ndasiya kufufuza ndipo ndikungoteteza mpando wanga.

Muyeso womwewo ugwirenso wokhulupirira. Amene amatenga nambala yoopsa kwambiri n'kumailalikira ngati yotsimikizika akuchimwira choonadi mofanana ndi amene amakana zonse. Amene amati matalala alionse ndi chilala chilichonse ndi kusintha kwa nyengo akuwononga chikhulupiriro cha omvera ake, chifukwa chilala ndi madzi osefukira zinalipo kuyambira kale. Palinso ngozi ina pafupi ndi kwathu: kutenga kusintha kwa nyengo ngati chobisalira. Phiri likametedwa mitengo yonse chifukwa cha makala, ndipo minda ikalimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, madzi adzasefukira ngakhale mvula itagwa monga inkagwera kale. Kuloza utsi wa mayiko akutali kokha, n'kutseka maso pa nkhwangwa ya m'mudzi mwathu, n'kunena theka la choonadi.

Kusadziwa kuli ndi mbali ziwiri

Pali cholakwa chimene mtima wa munthu umachikonda. Tikamva kuti nambala ili pakati pa 2.5 ndi 4, timathamangira kunena kuti mwina ndi 2.5. Koma chilungamo chimatikakamiza kunenanso kuti mwina ndi 4. Madzi oundana a ku Arctic atiphunzitsa kuti modelo ingaphonye mochepetsa vuto monga mmene ingaphonyere mokulitsa. Kusadziwa sikukondera amene akufuna kugona.

M'moyo wa tsiku ndi tsiku timaidziwa bwino nzeru imeneyi. Palibe kholo limene limadikira kudziwa kuti udzudzu wa malungo ndi uti lisanakungire mwana neti. Makolo athu ankamanga nkhokwe osadziwa chaka chimene njala idzagwe, popeza chakudza sichiimba ng'oma. Pamene choopsa ndi chachikulu ndipo sichibwezeka, munthu wanzeru amachitapo kanthu pa umboni wokwanira, osadikira umboni wathunthu. Pa nkhani ya nyengo, umboni wathunthu udzafika pamodzi ndi tsokalo.

Tifunsenso kuti kudikira kumapindulira ndani ndipo kumapweteka ndani. Africa yonse imatulutsa gawo laling'ono la carbon dioxide wa dziko lapansi, pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse kapena kucheperapo. Komabe mlimi wodalira mvula, amene alibe mthirira kapena inshuwalansi, ndiye woyamba kumva kuwawa nyengo ikasokonekera. Ana amene adzakhale ndi moyo mu 2100 alibe mawu pa zokambirana za lero. Munthu akamati "tiyeni tidikire mpaka titsimikize", ayenera kudzifunsa ngati akubetcha ndi chuma chake kapena ndi moyo wa wina. Kubetcha ndi za mwini, mwiniyo asanavomere, n'kupanda chilungamo ngakhale utawina.

Chenjezo ndi udindo

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Kubwera kwa namondweyo kunaloseredwa ndi mamodelo a nyengo ya masiku ochepa, abale ake a mamodelo amene tikukambiranawa, ndipo machenjezo anaperekedwa. Koma mabanja ambiri okhala m'mbali mwa mapiri analibe kwina kothawira. Izi zikutiphunzitsa kuti kudziwa pakokha sikupulumutsa. Chenjezo limakhala ndi phindu pamene pali njira, malo ndi anthu okonzeka kuthandizana. Amene walandira chidziwitso walandiranso ngongole kwa mnansi wake.

Mamodelo a nyengo sangatiuze kuti namondwe wina adzafika chaka chiti. Chimene amagwirizana ndi chakuti mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, pafupifupi magawo 7 pa 100 owonjezera pa digiri iliyonse, choncho mvula yamphamvu idzakhala yamphamvu koposa. Amagwirizananso kuti kum'mwera kwa Africa kutentha kudzakwera ndipo nthaka idzauma msanga. Zimenezi n'zokwanira kutitsogolera pomanga milatho, posankha malo a nyumba ndi sukulu, posunga madzi ndi posankha mbewu, ngakhale kuti sizikwanira kutiuza tsiku lodzala chimanga mu 2040.

Palinso ntchito imene ili pafupi nafe kuposa mmene timaganizira. Anamondwe a Ana ndi Batsirai atadutsa kumayambiriro kwa 2022, gulu la akatswiri la World Weather Attribution linafufuza za mvula ya ku Malawi, Mozambique ndi Madagascar. Linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mphamvu ya mvulayo, koma linalephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji, chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa zaka zambiri anali ochepa kwambiri. Sikelo singayesedwe popanda paketi ya shuga. Mamodelo ndi ofooka kwambiri m'madera amene akuwafuna kwambiri, ndipo chifukwa china n'chakuti maderawo sanayezedwe mokwanira. Mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene amawerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse n'kulemba nambala yoona m'buku, osapeka ya tsiku limene anaiwala, akutumikira ana amene sanabadwe.

Kukhulupirira kwa munthu wamkulu

Palibe mmodzi wa ife amene angabwereze yekha masamu a modelo ya nyengo. Koma sitinayesenso tokha zitsulo za mlatho umene timawoloka, kapena mankhwala amene timapatsa mwana. Moyo wa anthu umayenda pa kukhulupirirana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kufufuza choonadi patokha sikutanthauza kuti aliyense ayambe sayansi yonse payekha. Kumatanthauza kuti tisapereke chikhulupiriro chathu mwachisawawa, chifukwa cha mantha, chizolowezi kapena kutchuka kwa wolankhula. Tingafunse mboni iliyonse mafunso anayi. Kodi mawu ake aima pa maziko otani? Kodi inanenapo zinthu pasadakhale zimene zinadzachitikadi? Kodi imavomera poyera pamene yaphonya? Kodi imasiyanitsa zimene ikuzidziwa bwino ndi zimene ikungoyerekeza?

Tikafunsa mamodelo a nyengo mafunso amenewa, yankho limabwera m'magawo. Pa kutentha kwa dziko lonse ndi chifukwa chake, ndi odalirika kwambiri. Pa kukwera kwa nyanja ndi kukula kwa mvula yamphamvu, ndi odalirika pa mbali imene zinthu zikulowera, ngakhale kuti liwiro lake lili ndi malire otakasuka. Pa kuchuluka kwa mvula ya boma limodzi kapena mudzi umodzi, ndi ofooka. Munthu wokhwima maganizo amatha kusunga mayankho atatuwa nthawi imodzi, n'kupereka kwa lililonse kulemera koyenera. Kuchita zimenezi n'kovuta kuposa kuvomera zonse kapena kukana zonse, ndipo ndi khalidwe limene tingaliphunzire ndi kuliphunzitsa ana athu pa nkhani zina zambiri kupatula nyengo.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu zimene mumazikhulupirira popanda kuziona nokha. N'chiyani chimakupangitsani kukhulupirira amene anakuuzani?

2. Kodi kukayika kofuna kudziwa ndi kukayika kofuna kupuma timakusiyanitsa bwanji mwa ife eni, tisanayambe kuloza ena?

3. Mboni imene yavomera kuti inaphonya, kodi tiyenera kuikhulupirira kwambiri kapena pang'ono? Fotokozani ndi chitsanzo cha m'phunziroli.

4. Pa mavuto a madzi osefukira kapena chilala m'dera lathu, ndi gawo liti limene likuchokera kutali, ndipo ndi liti limene lili m'manja mwathu?

5. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene gulu lathu lingayambe mwezi uno, chimene chingakhale chaphindu kaya mvula ya m'tsogolo idzachuluka kaya idzachepa?